Kotiin

Bambo anayamba kutaya Chingerezi pang'onopang'ono
ngati munthu amene thumba lake labooka.
Loyamba kugwa linali dzina la supuni,
kenako Lachitatu, kenako ine.
M'nyumba ya okalamba ku Hancock
ankakhala moyang'ana zenera,
chipale chikukwirira galimoto za anamwino,
ndipo m'kamwa mwawo munatuluka chilankhulo
chimene anandibisira zaka makumi asanu ndi ziwiri.

Namwino anandifunsa, "Akuti chiyani?"
Ndinayang'ana nsapato zanga.

Dzina lathu linali lalitali, Hietaniemi,
koma kalaliki wa pamgodi wa kopa, waulesi ndi cholembera,
analidula pakati ngati chingwe chotsala.
Agogo sanatsutse. Wanjala satsutsana ndi bwana.
Bambo anakwapulidwa ndi rula kusukulu
chifukwa cha mawu a m'nyumba mwa amayi awo,
ndiye analumbira kuti ana awo adzakula ndi lilime limodzi,
losalala, losanunkha sitima ya pamadzi.

Kotiin, ankatero. Kotiin.
Ndinalemba mawuwo padzanja ndi bolopeni
n'kupita nawo kwa mayi Sirkka,
amene amaphunzitsa Lachinayi madzulo kunsi kwa tchalitchi,
kumene khofi amawira mpaka kuwawa.
Anagwira dzanja langa, nawerenga, nakhala chete.
Kenako analemba pabolodi:
koti, ndiye kwanu,
kotona, uli kwanu,
kotoa, wachoka kwanu,
kotiin, ukupita kwanu koma sunafike.
Ndinakhala pampando wa ana, mawondo atagunda tebulo,
imvi zili mbuu, ndikugwa m'mawu aliwonse
ngati mwana wa ng'ombe wobadwa lero.

Bambo sanadikire kuti ndimalize buku loyamba.
Ndinangokwanitsa kuwauza kuti kunja kukuzizira.
Anandiyang'ana, nakonza katchulidwe kanga,
nagona.

Chilimwe chotsatira ndinakwera ndege, sitima, kenako basi
mpaka ku Lappajärvi.
Nyumba kunalibe. Ndinapeza miyala ya maziko,
udzu woyabwa wofika m'chiuno,
ndi udzudzu umene unandilandira ngati mbale wake weniweni.
Orvokki, mdzukulu wa mchemwali wa agogo,
sanandikumbatire. Anandipatsa buledi wakuda, wolimba,
ndi kapu yosweka pamlomo.
Tinakhala pakhonde ola lathunthu.
Ananena mawu asanu ndi limodzi. Ndinawawerenga.

Ndipo m'chete umenewo ndinawazindikira bambo:
mmene ankanolera mpeni Loweruka osandiyang'ana,
mmene ankasiyira magolovesi anga pafupi ndi mbaula
kuti ndiwapeze ofunda m'mawa.
Ine ndinkati sankandikonda.
Zaka zonsezo ndinkamva chilankhulo chachiwiri
osadziwa kuti ndi chilankhulo.

Usiku, dzuwa litakana kulowa,
Orvokki anasonkha moto mu sauna.
Anathira madzi pamiyala yotentha,
nthunzi inandikwawa pamsana, inandiluma makutu,
ndipo anandimenya ndi nthambi zamasamba ofewa
mpaka khungu linanunkhira nkhalango.
Ndinalira. Palibe anaona, thukuta linabisa.
Kapena anaona, koma kuno salankhula zotere.

Sindine wa kuno, ndikudziwa.
Wogulitsa m'sitolo amandiyankha m'Chingerezi
ndisanamalize n'komwe moni wanga.
Maswiti awo akuda amchere ndinawalavula kuseri kwa basi.
Koma ndabweza theka la dzina limene kalaliki anataya,
ndipo tsopano silikwana m'timabokosi ta mafomu a ku banki,
limasefukira m'mbali.

Pamwala wa bambo pali dzina lodulidwa lija.
Ndikapitako ndimawauza za nyengo,
mawu anga akutsimphina, michira yawo yosokonekera.
Kotona sindinalidziwe bwino kulitchula.
Limene limatuluka losavuta ndi lawo lija,
la munthu amene adakali panjira.