Gwirani Pomwepo

Kabokosi kakuda, kochepa ngati sopo wotsala,
kabwera mu mpango wa Mwanaisha,
womanga mfundo ziwiri.
Akuti ukwati wawo uli m'menemo,
ndipo Bwanali sanasiye mawu ake kwina kulikonse.
Foni yake inasowa pamaliro pomwepo.

Ndalowetsa chingwe.
Kanyali kabuluu kaphethira,
laputopu yalonjera mlendo,
mafayilo andanda ngati ana pa asembule.
Ndati kopera.
Peresenti naini, khumi, khumi ndi imodzi,
kenaka zii.
Mlendo wachoka osatsanzika.

Ndayesa kabowo ka kumanja.
Ndayesa ka kumanzere, kozolowera mafulashi a ana a sukulu.
Ndauzira, mwatuluka fumbi la Nkhotakota yense
ndi mwendo wa mphemvu.
Ndatokosa ndi kamtengo ka machesi.
Ndazimitsa, ndayatsa,
mankhwala athu a matenda onse.
Ndazula mbewa ndi pulinta kuti moto usagawanike,
ndaletsa makina kugoneka mabowo ake.
Ndatuma Chikaiko kwa Twaibu wokonza mafoni
kukabwereka chingwe china.
Wabwera nacho, pamodzi ndi uthenga
woti ngongole yanga yayamba imvi.

Makumi awiri ndi zitatu.
Zii.

Ndagunditsa khutu pakabokosi
monga amachitira anamwino pa sikelo.
M'katimo mukuzungulira bwinobwino, mopanda kugogoda.
Kakanagogoda, ndikanayamba kufuna mawu opepesera,
ndipo mawu amenewo ndilibe,
ine wongodziwa kutayipa makalata ofunsira ntchito.

Mwanaisha wakhala pabenchi, zikhatho pamaondo.
Sanandifunse ngati ndikudziwa zomwe ndikuchita.
Wangoti, chapansipansi,
"Kodi mwaona kuti kamathima galimoto ikamadutsa?"

Ndatsegula kukamwa kuti ndimuphunzitse,
koma panja yatulukira lole ya shuga wa ku Dwangwa,
malata alira, supuni yavina m'kapu,
thebulo lanjenjemera pang'ono chabe,
kanyali psiti.

Ndiye kuti si matenda a m'kati.
Ndi pakamwa pa kabokosi pomwe pakugwedera
ngati dzino la mwana wa sitandade wani.
Maola awiri ndakhala ndikufunsa makina,
mayankho ali pamsewu.

Tapinda mpango uja kanayi, tayala pansi pake.
Tamanga chingwe ndi mphira ya chubu cha njinga.
Sizinakwanire.
Pakufunikabe chala choti chikanikize
pamalo amodzi, osati kwambiri, osati pang'ono.
Ndati ndigwire ine. Wakana.

Gwirani pomwepo, mayi. Musasunthe.

Makumi atatu.
Wabwera mnyamata wofuna fotokope ya chitupa, ndamuuza mawa.
Makumi asanu ndi ziwiri.
Ntchentche yatera pamkono pake,
yayenda mpaka pachigongono, yatopa yokha.
Ku mzikiti ayitana,
milomo yake yayankha, chala chili pompo.
Makumi asanu ndi atatu,
ina ikubwera, yolemera kuposa yoyamba,
ndasiya kupuma, Chikaiko wagwira mwendo wa thebulo,
malata alira,
supuni yavina,
kanyali kakuphethirabe.

Ikhadabo yake yayera ndi kukanikiza.
Batire latsala pang'ono, magetsi anapita m'mawa,
koma zimenezo sindinamuuze.

Zana.

Ndatsegula fayilo yoyamba kuti tione ngati yafika yonse.
Chithunzi chikupendama, wojambula sanakonzeke.
Munthu wamtali wavala mkanjo woyera
akuyang'ana kumbali, akuseka,
akuti, "Wayamba kale? Iwe, dikira kaye,
chipewachi sichinakhale bwino."

Palibe china chachikulu chimene wanena.
Wakonza chipewa, chapendamanso.

Ndati, mayi, zatheka,
zonse zili kuno tsopano, ndikuikirani pa fulashi ziwiri,
ina mukasunge kwa achemwali anu.
Mutha kusiya.

Wagwedeza mutu kuti wamva.
Panja lole ina yadutsa.
Chala chija sichinachoke.