Mpweya Wobisala

Tinanyamuka ku Ulongwe kusanayere,
matumba makumi asanu ndi atatu a kachewere kumbuyo,
mkulu wanga Kustodiyo pachiwongolero,
ine pambali, chigubu cha madzi pakati pa miyendo.
Chiikireni bambo m'manda, mwezi wachitatu uno,
mawu athu ndi a ntchito okhaokha:
manga chingwe, ika mwala kutayala, kwera.

Kuzizira tinakusiya kumapiri.
Pafupi ndi Moatize, pamene fumbi la malasha
limadetsa ndi masamba a masau omwe,
kamuvi ka pageji kanayamba kukwawa,
kanadutsa pakati, nkukagona pofiira.
Lole inafwenthera nthunzi
ngati ng'ombe yolimitsidwa dzuwa lili paliwombo.

"Ndi pampu," anatero mkulu wanga, osandiyang'ana.
"Ndi gasiketi," ndinayankha, maso ali kumlambe.

Anatulukira Mayi Felizarda, makaniko wa pamsewu,
ovolosi yodula manja, sipanala m'thumba lakumbuyo.
Moni asanapereke anayamba wakhudza mapaipi:
yapamwamba inawawaula chikhatho,
yapansi inali zii ngati mphuno ya galu.
Nditati ndigwire chitsekero, anandimenya dzanja.
"Ufuna nkhope isupuke ngati mbatata yophika? Dikira."
Tinadikira.
Mbuzi inatafuna chingwe cha tenti, tonse tikuiona.

Kenaka anayamba kuifunsa injini
mmene namwino amafunsira khanda losayankhula.
Anagwada nasuzumira pansi: dothi louma gwa.
Anasolola kandodo ka oyilo: wakuda bii,
sanasanduke tiyi wamkaka.
"Gasiketi wakoyo ali moyo, mnyamata."
Lamba wa fani anamukankha ndi chala: wolimba.
Temositati anamuponya m'chitini cha madzi owira,
iye nayasamula ngati mwana wa mpheta.
"Uyunso alibe mlandu.
Anathira madzi komaliza ndani?"

Chete.
Ndinali ine. Dzulo usiku, nditasintha paipi yong'aluka,
ndinamva mapazi a mkulu wanga akubwera,
ndinakhuthula chigubu chonse kamodzi,
nkutseka, nkuzemba,
kuopa kutsala awiriwiri pansi pa tochi imodzi.

"Madzi alimo," anatero, "koma sakuyenda.
Munatsekera mpweya m'kati.
Wakhala pakhosi pa injini ngati mlendo wokana kutsazika,
pampu ikungopukusa mphepo."

Tinaimika lole pachitunda, mphuno kumwamba.
Anadula botolo, nalizondotsa pakamwa pa ladiyeta,
namasula kabawuti kena
kamene sindinkadziwa nkomwe kuti kalipo.
"Iwe, thira pang'onopang'ono ngati ukumwetsa wodwala.
Iwe, finya paipi, usiye, ufinyenso."
Tinawerama moyang'anizana, zipumi pafupi kugundana,
injini ikung'ung'udza chapansipansi.

Fyoo! Kabawuti kanausa moyo.
Thovu loyamba linakwera m'botolo, ngati dzira la njiwa,
lachiwiri, kenaka tiana take tambirimbiri,
madzi anamira mwadzidzidzi, kulukutu,
injini inageya ngati munthu wokhuta thobwa.
Kustodiyo anaseka.
Mano ake ndinali nditawaiwala.
"Bambo ankakadziwa kabawuti aka," anatero,
"koma sanandionetse."
"Ngakhale ine."
Zinathera pomwepo.
Za ngongole ya lole, za amene anasaina, sitinazikhudze.

Mayi Felizarda anagwiranso paipi yapansi: yafunda.
Analandira metikashi mazana atatu ndi ndowa ya kachewere,
napukuta manja pansanza, natichenjeza:
"Suthera tsiku limodzi umenewu.
Wina amatsalira m'ngodya.
Mawa ikazizira mutsegulenso."

Tinawoloka Zambezi msika usanatseke,
maso ake ali pamsewu, anga pakamuvi,
kali pakati, phee.
Pamlatho ananyema buledi wouma uja wa m'thumba la chitseko,
dzanja limodzi lili pachiwongolero,
nandiikira pabondo chibenthu chachikulu.