Nambala ya Kalamu

Mvula ya ku Mzuzu sigwa, imangolendewera,
n'kunyowetsa bwalo mopanda phokoso.
Ndimafika ku Katoto akabaza asanadzuke,
ndikolope madzi pa simenti yong'aluka,
ndipakenso laimu m'mizere yofufutika,
kenako ndiyatse foni yosweka galasi
kuti ndione pamene wafika Kalamu.

Lero ali pa 612 dziko lonse lapansi.
Mwezi watha anali pa 655.
Mkazi wanga NyaChavula akuti,
"Ngwazi yanji yokhala kumbuyo kwa anthu mazana asanu ndi limodzi?
Ukanakhala mzere wa feteleza
bwenzi atabwerako chimanjamanja."
Ndimangoseka. Iyeyo sanamuone.

Anabwera kuchoka ku Mangalande ndi mayi ake, namwino,
ali ndi zaka khumi ndi zitatu,
mawondo oyera ngati chinangwa chosenda.
Analibe mnzake wosewera naye
koma khoma la kuseri kwa kantini.
Phu! Phu! Phu! mpaka nkhungu itameza ukonde,
ine ndikumutolera mipira yothothoka ubweya
m'ngalande, m'maluwa, pansi pa galimoto za eni.
Tsiku lina khoma litamugonjetsa
anaswa raketi pansi.
Ndinati, tola zidutswazo wekha, mwanawe,
kuno chinthu sichifa kamodzi.
Tinaimanga ndi sipoko ya njinga ndi mphira wa chubu.
Pochoka anandisiyira.

Tsopano amasewera m'matauni
omwe mayina ake amandiluma lilime,
pa mabwalo a kuseri kwa mahotela,
oonerera asanu ndi awiri, wina akuwodzera.
Pa kanema samuonetsa.
Timanambala tokha timasinthana pa foni
bandulo yanga ikusungunuka ngati mchere m'madzi.
Anandilembera kuti amagona atatu chipinda chimodzi,
amachapa yekha masokosi m'sinki,
ndipo akapambana, ndalama yonse imadyedwa ndi ndege.

Chaka chatha dzanja linamukana.
Miyezi isanu, zii.
Nambala inatsetsereka ngati lole yopanda mabuleki
potsika ku Chikangawa,
700, 800, mpaka ndinaleka kuyang'ana.
Kenako usiku wina foni inanjenjemera:
"A Fumbani, khoma lija likadalipo?"
Ndinayankha, lilipo, likukufunsa.

Masana kumabwera Mwiza wa ku Chibavi,
wa sitandade sikisi, nsapato m'manja kuopa matope.
Raketi ya mabandeji ija ndi yake tsopano.
Akamenya amaluma mlomo wam'munsi
ndipo mpira ukakodwa mu ukonde amautukwana m'Chitumbuka.
Dzulo anandifunsa, "Mzungu wanuyo ndi wotchuka?"
Ndinati ayi.
"Nanga ndi wolemera?"
Ayi.
"Ndiye amatani?"
Ndinamulozera wakabaza pa chitunda cha ku Masasa,
matumba awiri a makala kumbuyo,
ataimirira pa mapedulo, maso pa tayala.
Amatero, ndinatero.
Mwiza anayang'ana nthawi yaitali
kenako anabwerera ku khoma.

Usiku uno ndi ndime yotsiriza ya kampikisano kena
kopanda ngakhale chikho chooneka.
Magetsi azima kuyambira madzulo.
Ndakhala pakhonde, bulangeti m'mapewa,
kuzizira kukulowera m'zala.
Chigawo choyamba wataya.
Chachiwiri walanda.
Chachitatu zili zisanu kwa zisanu,
batire latsala kachidutswa kofiira ngati diso la khoswe.
NyaChavula watuluka mwakachetechete,
wayika kapu ya tiyi pambali panga,
wasuzumira paphewa.
"Akuwina?"
Ndisanatsegule pakamwa
galasi lada bii.

Takhala choncho awiriwiri mumdima,
agalu a ku Zolozolo akuyankhana kutali.
Kwinakwake mnyamata akuponya mpira m'mwamba
ndipo sindidziwa komwe ugwere.

M'mawa bwalo lidzakhala lanyowa.
Laimu watsala theka la chitini.
Mwiza anati abwera isanakwane seveni.