Dzenje la M'kamwa

Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikumata maenje
m'misewu ya khonsolo,
kuyambira ku Makata mpaka ku Chilomoni,
koma lero dzenje ndine.
Ndagona chagada pampando wa ku Gulupu,
nsapato zaphula zaloza kudenga,
nyali yandithobwa m'maso ngati lole ya usiku.

"Yasamulani, bambo."
Mayi Chipojola alowetsa kagalasi,
agogoda ndi kachitsulo. Apa? Ayi. Nanga apa?
Mwendo wayankha pakamwa pasananene.

Ndinayesa mchere. Ndinayesa adyo.
Mnzanga wa ku Ndirande, wokonza mabatire,
anati tidonthezepo asidi kuti nyongolotsi ife;
ndinafika pakhomo pake, n'kubwerera pomwepo.
Masabata atatu ndikutafunira mbali imodzi
ngati galimoto yozemba dzenje.

"Si lozula ili," akutero. "Timata.
Koma poyamba tichotse chofumbwa."

Jakisoni m'usinini. Tidikire.
Tsaya lalemera, mlomo wasanduka wa mwini,
ndaugwira ndi chala, sukundidziwa.

Kenako kamakina kaja. Nzwiii!
Udzudzu wachitsulo walowa m'mutu.
Fungo la nyanga yowauka,
madzi akuwaza, kapaipi kakuyamwa malovu.
Lilime, mlonda wosagona, lapita kukaona:
Mayo, dzenje lakula!
Ndinabwera ndi kabowo ka njere ya mapira,
andikumbira chitsime.

Ndikanadandaula,
koma m'kamwa muli thonje ndi zala za munthu,
ndiye ndangokumbuka a Makwinja, kapitawo wathu,
tsiku lomwe ndinathira phula pamatope pa Kameza
kuti tiweruke msanga.
Anandifukulitsa ndekha, dzuwa lili paliwombo.
"Dula mpaka pouma, iwe!
Wongola m'mbali, sesa fumbi.
Ukamata pachovunda, mvula ya Januwale idzakuulula."
Oyendetsa minibasi ankatikuwiza podutsa:
mwabwera kudzakonza kapena kudzawonjezera?

Mayi Chipojola asiya makina, atenga kasupuni
kochepa kuposa chikhadabo cha khanda.
Akokota pang'onopang'ono, akumvetsera ndi dzanja.
Chofewa chikutuluka, chodera ngati gaga wonyowa.
Apala, ayesa, apalanso,
mpaka chitsulo chalira kwee pacholimba.
"Tafika. Mtsempha tausiya m'nyumba mwake.
Khoma latsala lopyapyala, koma lilipo."

Atsuka. Apemerera mphepo. Aumitsa.
Amanga kalamba kachitsulo kuzungulira dzino
monga timaikira matabwa konkire isanathiridwe.
"Musatseke, musalavule.
Dontho limodzi la malovu, tiyambiranso."

Ndiye ine, womwa tiyi wa masupuni anayi,
wosenda nzimbe ndi mano pa Jinale
pomwe anzanga akufunafuna mpeni,
ndangoti kukamwa yasa,
dzenje langa loyera, louma, lowongoka m'mbali,
likudikira.

M'khonde wina akubuula pabenchi atagwira tsaya,
mwana akukana kulowa.
Mayi akusakaniza kaphala kawo koyera,
kochepa moti nyerere ikanamaliza yokha.
Ndikufuna kuwauza kuti ntchito imeneyi ndikuidziwa,
kuti akumba mwaukatswiri,
kuti a Makwinja akanayenderapo ndi diso lawo lija
n'kusowa chonena,
koma chomwe chatuluka ndi "aaa."

"Zikupweteka?"
Ndapukusa mutu.
"Musagwedezeke, bambo."