Lamba wa Mariyali Anayi

Pa denga la nyumba ya a Hilal, ku Ruwi,
dzuwa silituluka, limachita kukugwera.
Ndimakwera kusanache,
sipanala ikadali yogwirika;
ikamakwana naini koloko, chitsulo chimaluma.

Makina asanu agona pano ngati ng'ombe zobzikula.
Ndimawadziwa ndi mawu.
Achiwiri amang'ung'udza, sakwiya.
Achitatu ali ndi chifuwa chakalekale.
Mchere wochokera kunyanja umawadya nthiti,
fumbi la m'mapiri limawatseka mphuno,
ine n'kumapukuta, n'kumatsuka, n'kumamvetsera.

Pansi pa mapazi anga pali nsanjika zinayi.
Kumeneko anthu avala majuzi
kunja phula likusungunuka.
Marites wogulitsa maluwa amadandaula zala kuzizira.
Dzina langa salidziwa.
Ntchito yanga ikamayenda bwino, ine kulibe.

Mu Malichi ndinatsika, lamba ali m'manja,
ndinam'pinda pa desiki kuti ming'alu iyasame.
"Mariyali anayi, bwana.
Kuphatikiza masefa ndi kutsuka, makumi atatu."
Iwo anakweza chikhatho
ku kabowo kotulutsa mphepo pamwamba pa mutu wawo.
"Sreejith, sukumva? Kukuzizira."

Kunkaziziradi.
Ndikanatsutsa ndi chiyani?
Malonda athu ndi ovuta:
timagulitsa tsoka loti silinagwe,
ndipo tsoka losagwa lilibe risiti.

Anathetsa pangano la miyezi itatu iliyonse.
"Zikavuta tidzakuimbira."
Ndinabwezera lamba uja pamalo pake
monga munthu wobweza wodwala kunyumba
mankhwala atasowa.

Anaimba Lachinayi usiku, mu Julaye.
Mu holo munali ukwati, alendo mazana atatu.
Lamba anali ataduka masana osamveka,
fani inaima, mapaipi anachita chisanu mpaka kuyera,
kompuresa inameza zoti siimeza,
inakoka, kukoka, kukoka,
kenaka zii.
Fungo la waya wopsa linatilonjera pa makwerero.
Mizanur anagwira tochi ndi mano,
manja onse ali m'mimba mwa makina,
thukuta likudonthera pa mita.
Sitinalankhulane. Maliro salongosola.

Pansipo keke inapendekeka ngati yaledzera,
zodzola za mkwatibwi zinatsikira m'khosi,
nkhalamba ina anainyamula pa mpando kupita nayo kugalimoto.
Pofika m'bandakucha makina achinayi,
posenza katundu wa anzawo, anakomoka nawonso.
Maluwa a Marites anaweramitsa mitu, ndowa ndi ndowa,
chokoleti cha m'sitolo ya pakona chinasanduka phala.

Kompuresa yatsopano inachokera ku Dubai,
masiku asanu ndi anayi panjira.
Kireni yoikweza inafuna chilolezo chotsekera msewu,
ndiponso usiku, pa mtengo wa usiku.
A ukwati anafuna ndalama zawo, ndi zina zopepesera.
Dokotala wa mano wa pa nsanjika yachiwiri
anasamuka ndi mpando wake womwe.
Ziwerengerozo sindinazione zonse;
ndinangoona a Hilal akuonda m'khosi.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi anakwera pa denga,
koyamba chigulireni nyumbayo.
Nsapato zinamata pa phula.
Anakhala pa chidebe chovundikira, akupuma ngati makina achitatu,
n'kutola chiduswa cha lamba,
n'kuchitembenuza, n'kuchitembenuzanso.
"Unati anali ndalama zingati?"
Ndinawapatsa botolo langa la madzi.
Anali ofunda. Anamwa onse.

Pangano tinasainanso, ndi cholembera chawo.
Masefa ndi atsopano, achitatu chifuwa chinapola,
Marites wayambiranso kudandaula zala.

Dzulo, Disembala uno, mphepo ikuwomba bwino kuchokera kudoko,
andiimitsa pa geti, akumwetulira.
"Sreejith, makina akuyenda ngati atsopano.
Kodi miyezi itatu iliyonse n'kofunikadi?"

Ndatsegula chitseko cha galimoto
pomwe chiduswa chija chimalendewera pa galasi,
ndipo ndayamba kuchimasula.