Pomwe Dzanja Langa Lilekezera

Ku Tsangano amanditcha adokotala.
Ndinatopa n'kuwakonza.
Pakhoma pali pepala lofiira ndi utsi wa nyali,
lonena pomwe dzanja langa lilekezera.

Malungo ndi anga. Chifuwa, bala la khasu,
mwana wotsekula m'mimba, zonsezi n'zanga.
Koma lero a Mlangeni avula malaya:
chotupa cha pamchombo chalimba ngati kachewere,
chakana kubwerera mkati.
Zala zanga zachidziwa dzina.
Mpeni si wanga.

"Ingong'ambani, mwanangu, kuboma n'kutali."
Ndakwera pachulu kusaka netiweki.
A Chikaonda, ondiyang'anira, ayankha kachitatu:
ika diripi, asadye kanthu, lemba kalata, tumiza.
Ambulansi ili ku Kasinje.
Lole ya kabichi inyamuka dzuwa likapendeka.

Ndawagoneka pamatumba,
mdzukulu atakweza botolo m'mwamba.
Pakhonde mzere sunafupike.

Mwezi wamawa a Chikaonda adzafika, fumbi m'nsidze,
adzatsegula kaundula,
chala chikutsika mzere ndi mzere,
adzasaina.
Ndidzadikira atseke cholembera
ndisanafunse ngati mkulu uja anafika akupuma.