Mizere Iwiri ya Ndemanga

Anandituma ku Mwansambo Lachiwiri,
ndi fomu ya masamba anayi ndi mafuta owerengeratu.
Kulikulu, pakhoma la ofesi yathu, mapu amayaka timagetsi:
pobiriwira ndiye kuti ntchito ikuyenda,
pofiira ndiye kuti wina ayankhe mlandu.
Mwansambo wabiriwira miyezi isanu ndi iwiri osathima.
Ndinapita kukakuona kubiriwirako ndi maso anga.

Funso loyamba: Kodi zipangizo zinafika?
Zinafika. Matabuleti atatu, kompyuta imodzi,
makina osindikizira akadali m'katoni mwake
ngati mkwatibwi wodikira kuvundukulidwa.
Inki inasochera panjira, palibe akudziwa pati.
Ndinachonga "eya". Sindinaname.

Funso lachiwiri: Kodi antchito anaphunzitsidwa?
Anayi, kuhotela, masiku atatu, alawansi m'thumba.
Awiri anasamutsidwa, wina ali ku Joni,
wina anapuma.
Watsala Gwaza, kalaliki wa imvi m'ndevu,
amene pamndandanda wa maphunziro dzina lake panalibe.
Anaphunzira yekha usiku,
mwana wake wa Fomu Thuu akumulozera podina.

Funso lachitatu: Kodi netiweki ilipo?
Gwaza anaseka, nati, tiyeni.
Tinadzera kuseri kwa chigayo,
kudula m'munda wa mtedza wa eni ake,
mpaka pachulu chachitali, chadazi pamutu.
Dazilo analimeta ndi mapazi ake.
Ofesi yeniyeni ndi ino, anatero.
Lachisanu lililonse amakwera,
tabuleti m'mwamba ngati wopereka nsembe,
kudikira timizere tiwiri tituluke pakona,
kuti maina a ana obadwa sabatayo
aulukire kulikulu.
Bandulo amagula ndi ndalama ya ndiwo.

Kubiriwira konse kuja, kani,
kumamera pachulu ichi.

Fomu ili ndi mabokosi awiri okha: ilipo, palibe.
Cholembera changa chinaima pakati
ngati fisi pamphambano.

Pakhonde ndinapeza Abiti Ndala atatambalala,
ulendo wachitatu kudzafuna chiphaso cha mdzukulu.
Koyamba anati magetsi.
Kachiwiri anati sisitemu yagwa.
Anandiyang'ana baji yapachifuwa, nafunsa:
Mwanangu, imeneyi ikagwa imagwera kuti,
tikaitole tokha?
Kabaza wawadyera nkhuku ziwiri kale.
Ndinatembenuza masamba onse anayi,
mzere wa nkhuku sindinaupeze.

Ndikalemba zofiira,
kalata ya chenjezo idzafika kwa Gwaza,
osati kwa amene anasainira kontirakiti.
Ndikalemba zobiriwira,
sikudzabweranso munthu kuno mpaka thumba la opereka thandizo litauma.
Ndinakhala pabenchi, fumbi likundilowa m'nsapato,
kuwerengera zinthu zosalowa m'maperesenti.

Pansi pa tsamba lomaliza pali mawu ang'onoang'ono:
Ndemanga zina, ngati zilipo.
Mizere iwiri.
Ndinachepetsa zilembo ngati nyerere, ndinalemba:
Netiweki ilipo, koma imayendera mawondo a munthu wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu.
Mvula ikagwa, chulu chimaterera.

Kumsonkhano, abwana anati, mwachidule, mayi Chikhawo, mwachidule,
nthawi ya tiyi yakwana.
Lipoti analimanga bwino, chikuto chonyezimira,
lili pashelefu pamwamba pa la chaka chatha.
Wina analemba ndi pensulo m'mbali mwa ndemanga yanga:
tiona gawo lachiwiri likayamba.

Tsopano Lachisanu lililonse, cha m'ma fili koloko,
ndimasiya zonse, ndimayang'ana pakhoma.
Kagetsi ka Mwansambo kakaphethira,
ndimadziwa kuti wafika pamwamba,
akupuma mwawefuwefu, dzanja lili m'mwamba.

Dzulo kunachita mitambo chakumpoto.
Kanachedwa ndi mphindi makumi anayi.
Palibe wina anaona.